Nkhondo ya Mtembo Umene Unasekedwa

Tcherani khutu, inu mibadwo ya m'tsogolo, ndipo amene muli ndi mafoni muyambe mwawazimitsa, pakuti tikulowa m'mbiri ya masiku aakulu. Zinachitika m'chaka chimene holo ya m'tauni inalandira malata atsopano mbali imodzi, mbali inayo n'kupitiriza kudontha monga mwa masiku onse. M'nyengo imene katani ya pasiteji inkakokedwa ndi chingwe choyanikapo zovala, mipando ya pulasitiki isanathe kuthyoka yonse. M'masiku amenewo munabuka nkhondo ya masiku atatu, imene inagawa gulu la zisudzo pakati, inadzaza holo mpaka m'mawindo, ndipo inatsala pang'ono kuika mapilo atatu pa udindo wa munthu. Gwero la zonsezi linali mtembo.

Mtembowo unali wamoyo, ndipo ntchito yake ya tsiku ndi tsiku inali yometa anthu.

Ankatchedwa a Wailesi, Mwini Lumo, Mdani wa Ndevu, Iwo Amene Lilime Lawo Silinapitepo Kutchuthi. Shopu yawo inali ndi mpando umodzi wozungulira, kalilole wosweka pakona, ndi benchi ya odikira. Munthu akangokhala pampando uja, nsalu n'kumangidwa pakhosi, ndiye kuti wagwidwa. A Wailesi ankayamba ndi mpira wa dzulo, n'kudutsa pa matayala a njinga, matenda a impso, ukwati wa mwana wa mlamu wawo, mpaka kukafika pa chifukwa chimene nkhuku za masiku ano sizikoma. Panalibe wothawa, chifukwa palibe munthu wanzeru amene angadzuke pampando mutu utametedwa mbali imodzi.

Koma mtima wa ngwazi imeneyi unali pa zisudzo. Kwa zaka khumi ndi chimodzi anali m'gulu la osewera, akunyamula mipando, kukoka chingwe cha katani ndi kumeta anzawo. Mbali yeniyeni anapatsidwa kamodzi kokha, ya munthu wobweretsa kalata, amene ankayenera kunena kuti "Kalata yanu iyi" n'kutuluka. Pa tsiku la sewerolo a Wailesi anapereka kalatayo bwinobwino, kenako anafotokoza mmene msewu unalili, agalu amene anakumana nawo, ndi maganizo awo pa zimene zinali m'kalatamo. Anachita kuwakoka jekete kuti atuluke. Kuyambira pamenepo anabwezedwa ku chingwe cha katani zaka zisanu ndi zinayi. Zinkawawawa kwambiri, ndipo ndi nkhani yokhayo pa dziko lapansi imene sankauza munthu.

Ndiye kunafika chaka chimene tikunenachi. Mkulu wa Sewero, bambo wowonda wa magalasi amene mkati mwa sabata ankakonza mawotchi, analemba sewero latsopano lachisoni, la mayi amene mwamuna wake anamwalira mwadzidzidzi. Anaitana a Wailesi pambali.

"Bambo, ndakupezerani mbali imene simungathe kuiwonjezera mawu," anatero Mkulu. "Mugone patebulo, nsalu yoyera mpaka pachifuwa, manja pamimba, mphindi makumi awiri. Mkazi wanu wa m'sewero azikulirani. Inu ntchito yanu ndi kufa basi."

A Wailesi anavomera ndi manja awiri, ndipo kuthokoza kwawo kunatenga theka la ola.

Wowalirayo sanali munthu wamba. Anali a Chitsime, Mfumukazi ya Misozi, Amene Analizapo Apolisi Awiri Ali Pantchito, mayi amene ankasoka zovala pakhonde la sitolo ya zitsulo, koma akakwera pasiteji ankatha kugwetsa misozi ndi diso lakumanzere lokha, lakumanja likuyang'ana ngati anthu akukhudzidwa. Kwa zaka makumi awiri palibe amene anatulukapo m'sewero lawo mpango uli wouma.

Tsono Mkulu wa Sewero anali ndi kachitidwe kake. Sewero asanalitsegulire anthu onse Loweruka, ankalilawitsa kaye masiku atatu, Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu, nthawi ya masana, khomo lili lotsegukira aliyense. Iye ankakhala kumbuyo kwenikweni pa kampando, kope pabondo, pensulo m'manja, osayang'ana siteji koma misana ya anthu. Anthuwo akaseka ankalemba ziro. Akalira ankalemba kamtanda. Akayasamula ankalemba kamzere. Zimene kope lanena madzulo ake zinali lamulo, ndipo panalibe kochita apilo.

A Wailesi anadziuza kuti pagule fumbi ndiwe mwini. Kwa masabata atatu mutu uliwonse umene unadutsa pansi pa lumo lawo unamva za sewerolo, tsiku lake, nthawi yake ndi khomo lolowera. Chotero Lachitatu masana, katani isanatsegulidwe, mbali yakumanzere ya holo inali yodzaza ndi mitu yometedwa bwino, yofanana kametedwe.

Chingwe chinakokedwa. Apo panali tebulo, ndipo patebulopo panagona ngwazi yathu, maso otseka, pakamwa potseka. A Chitsime analowa pang'onopang'ono atavala zakuda, anagwada, n'kukweza mawu awo otchuka aja, amene ankayambira m'mimba n'kumakanjenjemera pakhosi.

"Mwamuna wanga, wandisiya ndi yani?"

Kumanzere kunamveka kaphokoso ngati munthu watsamwa madzi. Kenako kena. Pofika mphindi yachitatu mapewa a mzere wonse ankagwedezeka, ndipo pa mphindi yachisanu bambo wina wowotcherera zitsulo, wa chifuwa chachikulu, analephera kupirira n'kuphulika chikhakhali. Basi, mpanda unagwa. Holo yonse inafa nalo phwete, ngakhale amene sankadziwa chimene anzawo akuseka. A Chitsime anatsegula diso lachiwiri, chinthu chimene ankasungira masiku ovuta okha, koma misozi ikachuluka, kuseka nakonso kunkachuluka. Kumbuyo kuja Mkulu analemba maziro mpaka tsamba linatha.

Magulu a nkhondo anakumana m'chipinda chovalira, chimene chinalinso chosungiramo matsache ndi mipando yothyoka. A Chitsime anaima pakati, mpango wakuda uli m'manja, n'kulankhula monga mfumukazi imene dziko lake lalowedwa.

"Bambo ometa, ine pasiteji iyi ndalirapo amuna asanu ndi awiri, ana anayi ndi ng'ombe imodzi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anandichititsa manyazi. Onse anafa bwinobwino, mwaulemu. Koma inu mimba yanu ikukwera ndi kutsika pamaso pa anthu. Kodi mwafa, kapena mukupopa tayala?"

A Wailesi anakwera pa bokosi la misomali, nsalu yoyera ikadali paphewa, kuti mawu awo amveke kwa mibadwo yonse.

"Mayi, nsanje ndi matenda, ndipo kuchipatala alibe mankhwala ake. Anthu aja sanaseke mimba. Aona luso. Ena amafuna mawu chikwi ndi ndowa ya misozi kuti agwedeze holo. Ine ndaigwedeza ndili chigonere, osatsegula pakamwa. Kodi ndi mtembo uti m'mbiri ya gulu lino umene unaomberedwapo m'manja?"

Anapitiriza kwa mphindi khumi ndi zisanu, kubweza ngongole ya mawu amene anawasunga patebulo paja. Gulu linagawikana. Kalipentala amene anakhoma tebulolo anapita ku mbali ya Mtembo, poona kuti ulemu wa tebulo lake uli pomwepo. Azimayi oimba anapita ku mbali ya Misozi. Mkulu anapukuta magalasi ake, anawerenga kope, n'kugamula kuti mimba imangidwe.

Lachinayi linafika ndi zida zatsopano. Kalipentala anabwera ndi lamba wake wa chikopa, ndipo anthu awiri anakoka mpaka ngwazi inaona nyenyezi masana. A Chitsime anasoka nsalu yolemera, ya mipukutu iwiri, yoti ngakhale mbuzi itagona pansi pake isaoneke kupuma. Naye Mkulu sanagone pa ntchito. Anaganiza kuti anthu akuseka chifukwa sakumudziwa bwino malemuyo, ndiye anawonjezera mawu atsopano oti a Chitsime anene, ofotokoza khalidwe lake. Anthu aluso akamira m'luso lawo saona chimene mwana wa sukulu angaone ali pawindo.

Tsiku limenelo holo inadzaza mpaka ena anaima kukhoma. Mbiri inali itayenda. Katani itatsegulidwa, anthu anayesetsa ndithu kudzigwira, ena ataluma zala, ena atabisa nkhope m'zipewa. Mimba sinagwedezeke ngakhale pang'ono. A Chitsime anaona kuti chigonjetso chayandikira, anakweza manja kumwamba, n'kutulutsa mawu atsopano aja.

"Unali munthu wofatsa, mwamuna wanga. Munthu wa mawu ochepa."

Olemba mbiri amasiyana pa chiwerengero cha mipando imene inathyoka pa mphindi imeneyo. Ena amati itatu, ena amati isanu. Chimene onse amavomereza n'chakuti wowotcherera uja anagwa pansi, dalaivala wina wa minibasi anatuluka panja atagwira nthiti, ndipo mayi wina wachikulire anapempha madzi. Wina kumbuyo anafuula kuti, "Mphindi khumi zakwana," anthu n'kuomba m'manja. A Wailesi, ali chigonere pansi pa nsalu yolemera ndi lamba wothina, anamva zonsezi ndipo mtima wawo unasefukira ndi chimwemwe. Ankaganiza kuti dziko lawazindikira tsopano.

A Chitsime analowa m'chipinda chovalira. Anangovula mpango wawo, kuupinda kanayi, n'kuuika pa kope la Mkulu.

"Bwana, musankhe. Ine kapena mtembo."

Mkulu anatuluka. Patapita kanthawi anabwera atakumbatira mapilo atatu amene anabwereka kwa mkazi wake. Anawayala patebulo, anawaveka malaya, anaika nsapato ziwiri kumapazi ndi chipewa kumutu, n'kufunditsa nsalu. Onse anaima n'kumayang'ana. Kunena zoona, mapilowo anafa bwino kwambiri.

"Mawu atsopano aja ndawachotsa," anatero Mkulu. "Koma bambo, mawa ndi tsiku lomaliza lolawitsa. Ili ndi sewero lachisoni. Ndikangolemba ziro mmodzi yekha pa gawo lanu, Loweruka agona apa ndi awa. Inu mubwerera ku chingwe."

Lachisanu m'mawa ngwazi inatsegula shopu ili ndi nkhawa, komabe ikukhulupirira kuti ikuzunzidwa chifukwa cha luso. Woyamba kukhala pampando anali wowotcherera uja, chigongono chili ndi bandeji chifukwa cha kugwa kwa dzulo. A Wailesi anamumanga nsalu pakhosi, anayatsa makina, n'kuyamba kuwedza mawu oyamikira.

"Achimwene, tandiuzani zoona. N'chiyani kwenikweni chikukusangalatsani m'kaseweredwe kanga? Ndi mmene ndimapindira manja, kapena ndi nkhope?"

"Manja ati?" anatero wowotcherera. "Ife timabwera kudzaona inu muli chete."

Makina anaima m'mwamba.

"Zaka khumi ndi zisanu mwakhala mukundimeta, bambo, sindinamalizepo nkhani yanga pampando uno. Ndiye tikuoneni mwagona mphindi makumi awiri osatulutsa ngakhale 'eya'? Dalaivala akuti anakumatani milomo ndi guluu. Ine ndikuti ndi jakisoni. Lero tikubwera ndi a kugalaja onse, atseka ntchito."

A Wailesi anayang'ana pa kalilole wosweka uja. Anaona bambo wa imvi, wonenepa, atagwira makina. Manyazi anawagwira kuyambira kumapazi. Sanali ngwazi imene yagwedeza holo. Anali nthabwala ya m'tauni, ndipo oseka aja anachita kuwaitana okha, mutu ndi mutu. Chinawapweteka koposa n'chakuti zaka zonsezi ankaganiza kuti anthu amakonda nkhani zawo. Anayatsanso makina n'kumaliza kumeta mutu wonse m'mphindi zinayi, osanena kanthu. Wowotcherera anachita mantha, anafunsa kawiri ngati akudwala, n'kutuluka chobwerera m'mbuyo.

Masana asanakwane anatseka shopu n'kupita kunyumba kukatenga malaya a mtembo. Anapeza akazi awo akuwasita patebulo la pabalaza. Mayi amenewa, Iwo Amene Anamvetsera Zaka Makumi Atatu ndi Ziwiri, anali asanapondeko kuholo. Ankati munthu amene amamumva m'mawa, masana ndi madzulo palibe chifukwa chokamuoneranso pasiteji. Koma tsiku limeneli anali atavala diresi ya maluwa ndi nsapato zopitira kokayenda.

"Lero ndikubwera," anatero osakweza mutu.

"Mayi, musavutike. Ndi sewero wamba."

"Msika wonse ukunena. Akuti mumakhala chete mphindi makumi awiri. Inu amene mumalankhula ngakhale kutulo, mumalankhula mswachi uli m'kamwa. Ine amene ndinakwatiwa ndi inu ndikhale womaliza kuona chozizwitsa chimenechi?"

A Wailesi anakhala pampando, chipewa chili pabondo.

"Akaseka lero andichotsa. Aikapo mapilo."

Akazi awo anaimika simbi n'kuwayang'ana. Anawamvera chisoni, koma pakona pa milomo pawo pankanjenjemera.

"Ndiyesetsa, bambo a ana. Koma sindikulonjeza."

Ndipo linafika ola lalikulu, limene dzuwa linaima pamwamba pa malata atsopano ndi akale omwe, holo n'kutentha ngati uvuni. Anthu anadzaza mipando, makoma ndi mawindo. A kugalaja analowa ndi maovolosi awo. Pa mzere woyamba, pakati penipeni, panakhala akazi a Wailesi, chikwama pamiyendo, mpango uli m'manja wokonzekera kutseka pakamwa. Kuseri kwa siteji mapilo atatu anakhala pampando atavala kale malaya, akudikira ufumu wawo.

Chingwe chinakokedwa.

A Chitsime analowa, anagwada, n'kuyamba. Holo yonse inali itakoka mpweya, masaya atatupa, aliyense akudikira kuti wina ayambe. Ambiri sankayang'ana n'komwe siteji. Ankayang'ana mayi wa mzere woyamba uja, chifukwa ankadziwa kuti iyeyo akangoseka, denga lichoka. Kumbuyo Mkulu ananola pensulo n'kuiimika pamwamba pa tsamba loyera.

Mayiwo anayang'ana mwamuna wawo. Kuseka kunalipo ndithu, kunafika pakhosi. Anaona malaya amene anasita okha, kolala ili chilili. Anaona manja opindidwa pamimba, ndi chipsera cha lumo pa chala chachikulu, chimene anachimanga okha ndi kansalu chaka chimene mwana wawo woyamba anabadwa. Anayang'ana pakamwa paja, podikira kuti pagwedezeke, chifukwa pa zaka zonsezi sanapaonepo patatsekeka nthawi yokwanira kuwiritsa madzi. Mphindi imodzi inadutsa. Yachiwiri. Yachitatu. Ndipo anazindikira kuti tsiku lina, kaya liti, m'nyumba mwawo mudzakhala chonchi: m'mawa wopanda wowauza za mpira umene sanauonere, madzulo opanda wowafotokozera za impso za anthu osawadziwa. Mantha anawagwira. Mpango umene anabweretsa kuti atseke kuseka unapita kumaso.

"Bambo a ana," anatero ndi mawu otsika, koma m'holo yogwira mpweya ija aliyense anamva. "Tanenani kanthu."

Inu mibadwo ya m'tsogolo, pa nkhondo zonse zimene amuna anamenyapo chigonere, palibe yoposa iyi. Kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri mkazi ameneyu ankati "mwalankhula mokwanira," "tadyani kaye," "anthu akugona." Lero, kwa nthawi yoyamba, pamaso pa tauni yonse, ankawapempha kuti alankhule. Mawu anadzuka m'chifuwa mwa a Wailesi ngati gulu la asilikali. Ankafuna kunena kuti ali moyo, kuti asalire, kuti ndi sewero chabe, kuti tebuloli ndi lolimba kumsana, ndiponso kufunsa ngati anakumbukira kuzimitsa simbi. Koma ankadziwa kuti akangotulutsa liwu limodzi holo iphulika, ziro alembedwa, ndipo mapilo alowa ufumu. Analuma lilime. Anakanikiza zala za kumapazi m'nsapato. Mkazi wawo ankalira mamita atatu kuchokera pamene anagona, ndipo iwo sanayankhe.

Msozi umodzi unawapandukira. Unatuluka pakona pa diso lotseka, n'kuyamba ulendo wopita kukhutu.

A Chitsime, amene anali atagwada pafupi, anauona. Apa mdani wawo anali m'manja mwawo, chifukwa mtembo wolira ndi woipa kuposa mtembo wopuma, ndipo akanangosuntha pang'ono kuti anthu aone, nkhondo ikanathera pomwepo. Koma mayiwa ankaidziwa misozi, ndipo ankatha kusiyanitsa yogwetsa ndi yogwa yokha. Anawerama ngati akupsompsona chipumi cha malemu, anafunditsa nkhopeyo ndi mpango wawo wakuda, n'kupukuta msozi uja.

"Limbani mtima, bambo," ananong'oneza. "Zatsala mphindi khumi ndi zinayi."

Kenako anadzuka, anasiya mawu onse amene Mkulu analemba, n'kutola amene anagwa kuchokera mzere woyamba.

"Tanena kanthu, mwamuna wanga. Chilichonse. Ngakhale za nkhuku."

Palibe amene anaseka. Wowotcherera uja, amene m'mawa womwewo anametedwa mwakachetechete ndipo sizinamukomere, anayamba kufwenthera m'bandeji yake. Dalaivala wa minibasi anayang'ana kudenga ngati akuwerenga malata. A kugalaja anapukuta m'maso ndi manja a girisi, n'kutuluka m'holomo pambuyo pake ali ndi nkhope zamizeremizere. Aliyense anakumbukira munthu wake wina amene ankamutopetsa ndi nkhani, amene tsopano kulibe. Kumbuyo Mkulu analemba timitanda mpaka pensulo inathyoka, n'kupitiriza ndi chikhadabo.

Katani itatsekedwa, a Wailesi anakhala tsonga patebulo, anamasula lamba, n'kupuma ngati munthu wovuulidwa m'madzi. A Chitsime anaima patsogolo pawo, manja m'chiuno.

"Musadzimve, bambo ometa. Misozi ija ndi yanga."

"Mayi, ndi ulemu wonse, anthu aja amalirira ine. Wakufa ndinali ine."

Nkhondo yachiwiri ikanayambira pomwepo, koma Mkulu analowa pakati kope lili m'mwamba, ndipo pangano la mtendere linalembedwa pa tsamba lomaliza, patebulo lomwelo la maliro. Linati misozi ya tsikulo igawidwe patatu mofanana: gawo la a Chitsime, gawo la Mtembo, ndi gawo la mayi a mzere woyamba. Linati mimba ili ndi ufulu wopuma, koma izipuma pokhapokha a Chitsime akakweza mawu. Linati a Wailesi ndiwo mtembo wa gululi Loweruka ndi masiku onse otsatira, mpaka atatopa okha. Onse anasaina ndi kachidutswa ka pensulo yothyoka ija.

Chikondwerero chake sichinaonekepo chiyambire. Kalipentala anagula mabotolo awiri a zakumwa za malalanje, zofunda, ndipo anthu khumi ndi anayi anamwera m'makapu a m'sewero, amene ena anali obooka. Mapilo atatu aja, amene anagonja osamenya nkhondo, anapatsidwa ulemu wa asilikali. Anagonekedwa patebulo, amuna anayi ananyamula tebulolo pamapewa, n'kuzungulira nalo holo katatu, azimayi oimba akutsatira pambuyo, a Chitsime akuwalira ndi diso lakumanzere, a Wailesi akupereka mbiri ya moyo wa pilo aliyense payekhapayekha. Atatero anawabweza kwa mkazi wa Mkulu, amene anafunsa chifukwa chimene akununkha thukuta ndi malalanje.

Mkulu anapeza akazi a Wailesi ataima pakhomo, maso ali ofiira. Anavula chipewa.

"Mayi, mwapulumutsa sewero langa. Mpando uja ndi wanu. Muzibwera tsiku lililonse, mukhale pomwe paja, munene mawu omwe aja."

"Ayi, bambo," anayankha. "Kamodzi kakwana. Sindingamaike mwamuna wanga m'manda masana aliwonse."

Anatuluka awiriwo dzuwa likupendeka, mwamuna atanyamula malaya a mtembo pamkono. Anadutsa sitolo ya zitsulo osalankhula. Atafika pa mphambano, mayiwo anagwira mkono wa mwamuna wawo, chinthu chimene sankachita pamsewu.

"Ndinakupemphani kuti munene kanthu. Simunandiyankhe."

"Ndikanayankha akanandichotsa, mayi."

"Ndikudziwa. Yankhani tsopano."

Ngwazi inatsegula pakamwa. Inayamba ndi simbi, ngati inazimitsidwa. Inapita pa kulimba kwa tebulo, mtundu wa matabwa amene kalipentala akanayenera kugwiritsa ntchito, msana wa malume awo amene anagwa pa njinga, njinga za masiku ano, ndi mmene mtembo wabwino uyenera kupindira manja. Mayiwo anamvetsera zonse. Anamvetsera podutsa pa galaja, anamvetsera podutsa pa sukulu, anafunsanso mafunso awiri, zimene zinadabwitsa mwamuna wawo mpaka anatsala pang'ono kutaya mutu wa nkhani. Anamvetsera msewu wonse wa fumbi mpaka pa geti la nyumba yawo, pamene nkhani inali itangofika pa impso.

Pamenepo anatulutsa kiyi m'chikwama, n'kusisita mkono wa mwamuna wawo.

"Basi, bambo a ana. Ndakhulupirira kuti muli moyo."